Za Kuwerenga Mokuwa Onse Pamodzi

Chiyambire 1901, pamene Abambo a Montfort anatsegula mishoni ya Nzama pakati pa Angoni a ku Ntcheu, ana a kumeneko aphunzira mapemphero ndi nyimbo poyankhira onse pamodzi. Njira imeneyi iyenera mapemphero ndithu, koma mphunzitsi akaitengera ku phunziro la kuwerenga, imam'nyenga. Wochenjera mmodzi atsogola, anzake angom'tsata pakamwa, maso ali kunja. Phokoso likoma, koma ambiri aloweza, sanawerenge.

Muyese chotere: phimbani chithunzi, lozani mau kuyambira kumapeto kwa mzere, ndipo mudzaona amene adziwa. Tsono patsani ang'ono timapepala ta maphatikizo, aumbe okha ga-lu, ka-lu-lu, lu-so. Okulirapo akhale awiri-awiri, wina awerenge katatu kankhani ka m'buku la Kumakanga, Nzeru za Kale, mnzake akumvetsera.

Komabe musakhutire ndi liwiro lokha. Mau akuti "mtengo" alembedwa chimodzimodzi ponena wa m'thengo ndi wa pa msika. Mwana amene akweza ndi kutsitsa liwu moyenera ndiye wamva chimene awerenga. Mukapanda kum'peza msanga wongotsata uja, adzakwera makalasi buku lili m'manja, mutu uli wopanda kanthu.