Liwu la Bush m'makina a Ministry

Olemba ndemanga za industrial metal ali ndi chizolowezi chimodzi chotopetsa. Akafuna kutsimikiza kuti bandi yakutiyakuti imadzudzula boma, amathamangira kapepala ka mawu kamene kamabwera ndi chimbale, n'kuyamba kuwerengetsa kuti pulezidenti watukwanidwa kangati. Akatukwanidwa kambiri, bandiyo ndi yolimba mtima. Akatukwanidwa pang'ono, akuti yafooka. Kuweruza kotereku n'kwa munthu amene sanatchere khutu. Mu nyimbo zimenezi liwu la woyimba limadutsa m'makina oliphwanya mwadala, moti womvera koyamba amangotolapo mawu apa ndi apo. Zikanakhala kuti ndale za oyimbawa zili m'zimene iwo akukuwa, bwenzi zitafera m'phokosomo kalekale.

Chida chenicheni chodzudzulira ndi sampler, kamakina kotapa mawu a munthu wina n'kuwabwereza paliponse pamene woyimba wafuna. Ndipo amene anakagwiritsa ntchito mwaluso kuposa onse ndi Al Jourgensen ndi Paul Barker a bandi ya Ministry ya ku Chicago, m'nyimbo ya "N.W.O." imene imatsegula chimbale cha Psalm 69 cha 1992.

Pa 11 Seputembala 1990, patangopita mwezi umodzi Iraq italanda Kuwait, pulezidenti George H. W. Bush anauza nyumba ya malamulo ya America kuti kukubwera dongosolo latsopano la dziko lonse lapansi. Mu Januwale 1991 mabomba anayamba kugwa ku Baghdad. Jourgensen, amene anabadwira ku Havana mu 1958, anali ndi mkwiyo wokwanira kulemba tsamba lonse la zotukwana. Koma anatenga liwu la Bush mwiniwakeyo n'kuliponya m'kati mwa nyimbo.

Apa ndiye pali luso, ndipo mpofunika kumvetsera modekha. Riff ya nyimboyi, kachigawo ka gitala kobwerezedwa, ndi yaifupi ndipo sipita kwina kulikonse: imangobwerera pomwe yayambira, ng'oma zikuiponda mosaphonya. Liwu la Jourgensen ndi lophwanyika, lomveka patali. M'chipwirikiti chonsecho, amene akumveka bwino ndi pulezidenti, wodekha, wosafulumira, akulonjeza dongosolo. Lonjezo limenelo limabwera, n'kubweranso, n'kubweranso, mpaka limatha mphamvu n'kungokhala mbali ya makinawo. Palibe amene wauza womvera kuti Bush ndi wabodza. Womvera wangomva yekha kuti wolamulira ali ndi liwu loyera pamene wolamulidwa liwu lake latsamwitsidwa, komanso kuti mawu ofatsawo atsamira pa phokoso la nkhondo. Mlandu wonse wazengedwa ndi kasanjidwe ka mawu, ndipo mboni ndi woimbidwa mlanduyo. N'zosangalatsa kwambiri kuti nyimbo yolusa chonchi inafika posankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Grammy, komanso kuti Ministry inayimba pamaso pa chinamtindi cha achinyamata pa chikondwerero cha nyimbo cha Lollapalooza chaka chomwecho cha 1992.

Njira imeneyi sanaitole pamsewu. Wolemba mabuku William S. Burroughs ndi mnzake Brion Gysin anayamba kuduladula zolembedwa n'kuzilumikiza mwatsopano ku Paris cha mu 1959, kenako anachita chimodzimodzi ndi matepi. Oyimba a bandi ya Throbbing Gristle, amene anatsegula Industrial Records mu 1976 n'kupatsa dzina mtundu wonsewu wa nyimbo, anatengera nzeru imeneyo, monganso Cabaret Voltaire ya ku Sheffield. Burroughs mwiniwake akuoneka mu kanema wa "Just One Fix", nyimbo ya m'chimbale chomwecho cha Psalm 69. Ministry inangowonjezera magitala a metal pa nzeru imene inalipo kale, ndipo inali itayesapo mu 1989 m'nyimbo ya "Thieves", mmene liwu la msilikali wophunzitsa anzake nkhondo la mu filimu ya Full Metal Jacket limalamula pakati pa ng'oma.

Chopweteka n'chakuti Jourgensen yemweyo ndi amene anadzawononga njira yakeyo. Barker atachoka, Ministry inatulutsa zimbale zitatu zolimbana ndi George W. Bush: Houses of the Molé mu 2004, Rio Grande Blood mu 2006 ndi The Last Sucker mu 2007. Olemba ndemanga aja amazikonda zimenezi chifukwa zotukwana zilimo zambiri ndipo siziphonyeka. Koma tamverani mmene nyimbo ya "Rio Grande Blood" imayambira. Zolankhula za Bush wamng'onoyo zadulidwa liwu ndi liwu n'kusokedwanso kuti avomereze ndi pakamwa pake kuti ndi wankhanza, zinthu zimene sanalankhulepo. Anthu amaseka, inde. Koma mboni ija yasanduka chidole. Mu 1992 womvera ankachita mantha chifukwa mawuwo analankhulidwadi m'nyumba ya malamulo. Mu 2006 aliyense wosapota pulezidentiyo akanatha kunena kuti ndi zopeka, ndipo akanakhala akunena zoona. Nkhondo ya ku Iraq ya 2003 inayambika ndi mawu enieni, onena za zida zoopsa zimene sizinapezeke. Mawu oterowo sankafunika kusokedwanso. Ankangofunika kubwerezedwa mpaka atawawa m'khutu. Magitala nawo anathamanga kwambiri n'kukhala thrash wamba, ndipo mpata woti liwu lotapidwa lipume unasowa. AmeriKKKant ya 2018, imene inachedwetsa liwu la Donald Trump kuti limveke ngati la chilombo, inangobwereza cholakwa chomwecho.

Pali njira ina imene ikuyenera ulemu, ngakhale kuti simutchulidwa dzina la wandale aliyense. Justin Broadrick ndi G. C. Green a Godflesh ya ku Birmingham, mzinda wa mafakitale, anapatsa ntchito yoyimba ng'oma kwa makina. Pa chimbale cha Streetcleaner cha 1989 makinawo sathamanga, amangopera pang'onopang'ono ngati chigayo chimene mwiniwake wakana kuzimitsa, anthu awiriwo n'kumakakamizika kutsatira liwiro lake. Aliyense amene anagwirapo ntchito yoyendera belu amamva nkhaniyo popanda womasulira. Test Dept ya ku London, ngakhale sinali ya metal, inapita patsogolo pa zonsezi: pa sitalaka ya ogwira ntchito m'migodi ya malasha ya 1984 mpaka 1985, inajambula chimbale cha Shoulder to Shoulder limodzi ndi kwaya ya anthu a m'migodi ya ku South Wales amene ankanyanyala ntchito, kumenya kwa zitsulo kukusinthana ndi mawu a anthu okhudzidwawo.

Oyimba enawo safuna nthawi yambiri. Marilyn Manson anagulitsa zodzoladzola ndi zoopseza makolo, basi. Fear Factory, ndi Demanufacture yawo ya 1995, anasamutsira nkhondo ya munthu ndi makina kutsogolo kwakutali kumene palibe nduna imene ingakwiye nayo. Rammstein ndi akatswiri a moto wa pasiteji, koma atagwiritsa ntchito zithunzi za Leni Riefenstahl, wojambula mafilimu a boma la Nazi, za masewera a Olimpiki a 1936 mu kanema wa "Stripped" mu 1998, anachita kudzatulutsa "Links 2-3-4" mu 2001 kuti afotokoze mbali ya ndale imene ali. Luso lofunika nyimbo ina yoliikira kumbuyo ndiye kuti linatsalira penapake.

Ndipo nkhani ya mbaliyi si yaing'ono, chifukwa phokoso palokha aliyense angathe kulibwereka. Ku ndende ya Guantanamo asilikali a America ankazunza akaidi powayimbira nyimbo zaphokoso kwa maola ambiri, ndipo zina mwa nyimbozo zinali za mtundu womwewu. Trent Reznor wa Nine Inch Nails, amene mu 2005 anakana kukayimba pa mwambo wa MTV atamuletsa kuika chithunzi cha Bush kumbuyo kwa siteji, anadandaula poyera atamva kuti nyimbo zake zili m'gululo. Skinny Puppy ya ku Vancouver inatumizira boma la America bilu ya madola 666,000 mu 2014 pa chifukwa chomwecho. Oyimba otsutsa nkhondo anapezeka kuti ntchito yawo ili m'manja mwa wozunza. Ichi n'chifukwa chake kulira kwa magitala kapena kukuwa sikungakhale muyeso wa kulimba mtima kwa bandi. Chofunika kufunsa n'chakuti m'phokosomo mwaikidwa liwu la ndani, laikidwa pati, ndipo kodi mwini liwuyo angakane kuti sanalankhule zimenezo.

Pa muyeso umenewu, "N.W.O." yokha, nyimbo yosakwana mphindi zisanu ndi imodzi, imaposa zimbale zitatu zonse zimene Ministry inapangira George W. Bush. Wokayika ayike nyimboyi, kenako ayike "Rio Grande Blood", kapepala ka mawu kaja atakasiya patali.