Okala ya Mburundi

Ku Mgona, ku Area 25 ndi ku Chinsapo tinazolowera kukagula kwa Mburundi. Dzinali timaitanira onse, a ku Rwanda ndi a ku Congo omwe, anthu amene nkhondo inawasamutsa kwawo. Luso lawo ndi kudziwa thumba la wosauka. Shuga amamanga m'timapepala, mafuta ophikira amayeza molingana ndi ndalama yako, ndipo okala amatsegula kusanache n'kutseka anzawo atagona kale. Phindu amaika lochepa, koma katundu sakhalitsa pa shelefu.

Mu Meyi 2023 apolisi anagwira ambiri n'kuwabwezera ku Dzaleka, msasa wa ku Dowa umene unatsegulidwa mu 1994. Za malamulo akambe ena. Pa malonda a okala pokha, anthuwa ndi akatswiri.