Kachipangizo Kodzutsa Minyewa ya M'chiuno: Kodi Kamathetsadi Kudzimbidwa?

Pali odwala ena amene vuto la kudzimbidwa limawasautsa kwa zaka. Amatha sabata yonse osachita chimbudzi, mimba ili ndwii, ndipo mankhwala otsegula m'mimba sawathandizanso. Kwa anthu otere, madokotala a ku Ulaya anayesa njira yotchedwa sacral nerve stimulation. Munkhaniyi tiunika umboni wa njirayi, ndipo tiona zimene ife ogwira ntchito zaumoyo m'mbali mwa nyanja ku Nkhotakota tingatolepo.

Momwe njirayi imagwirira ntchito

Dokotala amalowetsa kawaya kakang'ono pafupa la kumunsi kwa msana, pafupi ndi minyewa imene imalamulira chikhodzodzo ndi thumbo lalikulu. Kawayako kamatumiza mphamvu yochepa ya magetsi ku minyewayo. Poyamba wodwala amayesedwa kwa masabata awiri kapena atatu, batire ili kunja kwa thupi. Akaoneka kuti akupezako bwino, batireyo amaiika pansi pa khungu, kumtunda kwa thako. Ku America njirayi inavomerezedwa mu 1997 kwa anthu amene mkodzo umangowatuluka, ndipo mu 2011 anaivomerezanso kwa amene amalephera kugwira chimbudzi. Funso linali lakuti: kodi ingathandizenso amene chimbudzi chikukana kutuluka?

Kafukufuku amene anapatsa chiyembekezo

Mu 2010, Michael Kamm ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa m'zipatala zingapo za ku Ulaya m'magazini ya Gut. Mwa odwala 62 amene anayesedwa, 45 anaikidwa kachipangizo kokhalitsa, ndipo 39 mwa iwo anapezako bwino. Chiwerengerochi chinasangalatsa ambiri. Koma kafukufukuyu anali ndi chilema chachikulu: panalibe gulu lina loyerekezera nalo. Wodwala aliyense ankadziwa kuti wapatsidwa chithandizo chatsopano chodula, ndipo anamwino ankamuyang'anira pafupipafupi. Tonse tikudziwa momwe munthu amapepukidwira akangobayidwa jakisoni, mankhwala asanayambe n'komwe kugwira ntchito. Komanso 39 ija imaoneka yaikulu tikaiwerengera pa 45. Anthu 17 amene sanapitirire chiyeso choyamba amaiwalika msanga.

Atazimitsa kachipangizo mwachinsinsi

Ofufuza ena anachita zimene zinkasoweka. Ku Sydney, ku Australia, Phil Dinning ndi anzake ankayatsa ndi kuzimitsa kachipangizoko mosinthasintha, n'kumayerekeza zotsatira pa wodwala yemweyo. Zotsatira za mu 2015 sizinaonetse kusiyana kwenikweni. Atawatsatira odwala 53 aja kwa zaka ziwiri, 44 anali atatuluka m'kafukufukuyo chifukwa chithandizocho sichinawakomere, ndipo 3 okha ndiwo ankapezabe bwino monga momwe ofufuzawo ankayembekezera. Ku France, mu 2017, Frank Zerbib ndi anzake anapeza kuti mwa odwala 20, anthu 12 anapezako bwino kachipangizo kali koyaka, ndipo 11 anapezako bwino kali kozima. Nalo bungwe la Cochrane, litaunika umboni mu 2015, linati njirayi imathandiza olephera kugwira chimbudzi koma sinaonetse phindu pa kudzimbidwa.

Tisabise mbali inayo. Makafukufuku awiriwa anali ndi anthu ochepa ndipo ankayerekeza kwa masabata owerengeka okha. Mu 2024, ofufuza a ku Netherlands anapeza kuti odwala 22 mwa 41 oikidwa kachipangizo anathandizika, pomwe mwa 26 amene anapitiriza chithandizo chanthawi zonse anathandizika mmodzi yekha. Koma apanso aliyense ankadziwa gulu lake, ndipo a gulu lachiwirilo ankabwereza chithandizo chimene chinali chitawalephera kale. Choncho chilema cha mu 2010 chija chabweranso. Kuona kwathu n'kwakuti umboni wa njirayi pa kudzimbidwa ndi wofooka, pomwe zovuta zake n'zodziwika: kupweteka pamalo pa batire, bala kuchita mafinya, kawaya kusuntha, ndi opaleshoni ina batire ikatha.

Nanga kuno kunyanja?

Odwala a m'makafukufukuwa anali atapimidwa bwinobwino, matenda ena onse atachotsedwapo. Mayi wa ku Benga kapena msodzi wa ku Chia amene wabwera akudandaula za kudzimbidwa nthawi zambiri sanapimidwepo chilichonse. Ntchito yathu imayambira pamenepo, ndipo imayamba ndi mafunso.

Funsani za chakudya. Kondowole ndi usipa popanda ndiwo zamasamba, kapena mpunga ndi nsima ya ufa woyera tsiku ndi tsiku, siziwapatsa matumbo gaga wokwanira. Mgaiwa, nyemba, chigwada, bonongwe, mapapaya ndi mango zimapezeka kwathu konkuno. Funsani za madzi akumwa, makamaka mu Okutobala ndi Novembala dzuwa likamaswa mtengo. Funsaninso za mankhwala: mapilitsi owonjezera magazi a amayi oyembekezera amadzimbitsa, ndipo wodwala aliyense amene akumwa morphine ayenera kupatsidwa mankhwala ofewetsa chimbudzi monga bisacodyl kuyambira tsiku loyamba, osadikira kuti vuto liyambe.

Chofunika koposa ndi kuzindikira pamene "kudzimbidwa" kwabisa matenda oopsa. Kupotana kwa thumbo lalikulu ndi chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu zochitira opaleshoni yadzidzidzi ya m'mimba ku Kamuzu Central Hospital, ndipo kumagwira kwambiri abambo. Mutumizeni wodwala ku chipatala cha boma cha Nkhotakota kapena cha St Anne's tsiku lomwelo ngati:

- mimba yatupa mwadzidzidzi, ikupweteka, ndipo sakutulutsa ngakhale mpweya;
- akusanza kwinaku chimbudzi chitaima;
- ndi khanda limene silinachite chimbudzi choyamba patatha masiku awiri chibadwire.

Wotereyu musamupatse mankhwala otsegula m'mimba, ndipo achibale asamupope. Amene akuona magazi m'chimbudzi, amene akuwonda popanda chifukwa, kapena wachikulire amene kachitidwe kake ka chimbudzi kasintha posachedwa, apite akapimidwe mosazengereza. Likodzo la m'matumbo lilipo m'dera lathu, koma tisangoti magazi alionse ndi likodzo.

Pomaliza, mukamva za chithandizo chatsopano, kaya pawailesi, pa WhatsApp kapena kwa wogulitsa mankhwala pamsika, funsani mafunso atatu amene atithandiza pano. Anachiyerekeza ndi chiyani? Kodi odwala ankadziwa chimene alandira? Nanga patatha zaka ziwiri, ndi angati anali adakali bwino?