Lamulo 10.1b: ndodo sinaletsedwe, choletsedwa ndi kuitsamiritsa

Okonda gofu akamatsutsana ngati putter (ndodo yogoletsera mpira m'dzenje) yaitali yofika pamchombo ikuposa putter wamba, amaiwala kuti mlanduwu unagamulidwa kale, ngakhale ogamulawo sanayankhe funso lomwe anthu amafunsa. Pa 21 Meyi 2013, mabungwe awiri olemba malamulo a gofu, R&A ya ku St Andrews ku Scotland ndi USGA ya ku America, analengeza lamulo 14-1b, ndipo linayamba kugwira ntchito pa 1 Januwale 2016. M'malamulo atsopano a 2019 linapatsidwa nambala 10.1b. Lamulo lomweli ndi limene limatsatidwa pa Lilongwe Golf Club, choncho mnyamata wa kuno ku Area 49 amene wayamba kukwera minibasi kukaphunzira gofu kumeneko ayenera kulimvetsa.

Choyamba kuona ndi chimene lamuloli silinena. Silinena kuti putter yaitali ndi yoletsedwa. Munthu akapatsidwa ndodo yotere, kaya ndi mphatso kaya wagula yakale, akhoza kusewera nayo pampikisano. Lamulo likukamba za thupi la wosewera, ndipo likutseka njira ziwiri.

Njira yoyamba ndi yoonekera: kutsamiritsa dala ndodo, kapena dzanja logwira ndodoyo, pamimba, pachifuwa, pachibwano kaya pena paliponse, kupatula pamkono. Apa ndi pamene panagona mphamvu ya putter ya pamimba. Nsonga yake ikakhazikika pamchombo, ndodo imayenda ngati chitseko, mbali imodzi ili chikhalire, ndipo manja ngakhale anjenjemere sangaipotoze kwambiri. Njira yachiwiri ikusonyeza kuti olemba lamulo ankawadziwa bwino osewera. Anadziwa kuti wina adzachotsa ndodo pachifuwa n'kupanikiza mkono wake pathupi kuti dzanja lapamwamba lisasunthe, kenako linalo n'kumakankha ndodo. Nazonso analetsa. Chilango chake ndi mashoti awiri, kapena kuluza dzenjelo ngati anthu akupikisana dzenje ndi dzenje.

Lamuloli linabwera pambuyo pa zimene zinachitika m'mipikisano inayi ikuluikulu ya pachaka. Keegan Bradley anapambana PGA Championship mu 2011 ndi putter ya pamimba. Mu 2012 Webb Simpson anatenga US Open, ndipo Ernie Els wa ku South Africa anatenga Open Championship. Mu 2013 Adam Scott anapambana Masters ndi ndodo yofika pachifuwa. Pa mipikisano isanu ndi umodzi yotsatizana, inayi inapita kwa otsamiritsa. Komabe R&A ndi USGA sananene kuti ali ndi ziwerengero zotsimikizira kuti otsamiritsa amagoletsa kuposa anzawo. Ndipo tsiku limene Els anapambana Open Championship pa bwalo la Royal Lytham, amene anagonja kwa iye ndi shoti imodzi anali Scott yemwe uja, ndi putter yake yaitali, atataya mashoti pa maenje anayi omaliza. Ndodoyo sinamupulumutse.

Chimene mabungwewa ananena n'chakuti kumenya mpira wa gofu n'kugwedeza ndodo yonse momasuka ndi manja. Ine ndikugwirizana nawo. Pa green, malo a udzu wosalala ozungulira dzenje, mpira ukakhala mita imodzi kuchokera padzenje, sipafunika mphamvu. Chimene chikuyesedwa ndi mtima wa munthu, ngati angathe kuletsa manja ake kunjenjemera anthu akumuyang'ana. Ukachotsa mayeso amenewo, wachotsa mbali yokoma ya masewerawa. Koma ndimamumvera chisoni Tim Clark, mnzake wa Els wa ku South Africa, amene anabadwa ndi vuto loti sangatembenuze bwino mikono yake ndipo anadalira putter yaitali kwa zaka zambiri.

Pamene lamuloli lafooka ndi pa zinthu ziwiri zimene lalola. Lalola kuti ndodo itsamire pamkono, kuyambira pachigongono kutsika. Matt Kuchar anasewera motero kwa zaka, ndipo Bryson DeChambeau anapambana US Open mu 2020 ndodo yake itagona pamkono wamanzere. Kwa ine kumenekunso n'kumanga dzanja kuti lisapindike, ndipo sindikuona kusiyana kwenikweni ndi zimene analetsa, kupatula kuti ndodo yonse ikuyenda limodzi ndi mkono.

Chachiwiri ndi nkhani ya dala. Ndodo kapena dzanja zikangokhudza malaya kapena thupi popanda kupanikiza, palibe mlandu. Bernhard Langer wa ku Germany anapitiriza ndi putter yake yaitali chitadutsa chaka cha 2016, dzanja litatalikirako pang'ono ndi chifuwa, ndipo oonera pa TV anadandaula kuti akutsamiritsabe. USGA inamuikira kumbuyo mu 2017, kunena kuti sanalakwe. Vuto ndi lakuti malaya akakhala otakasuka, woimirira pambali sangaone ngati dzanja lafika pachifuwa. Amadziwa ndi mwini wake yekha. Pampikisano wa Loweruka pa kalabu, pomwe palibe makamera ndipo woweruza sakhala pa green iliyonse, mphunzitsi amene akupatsa mwana putter yaitali amuphunzitse kusiya mpata woonekeratu pakati pa dzanja ndi chifuwa, woti wolemba mashoti ake auone ali chapatali.