Dzina la Mankhwala Lisamasuliridwe

Pomasulira mabuku a anamwino, dzina la mankhwala lilembedwe monga liliri pabotolo, Chichewa chingofotokoza ntchito yake. Kutcha adrenaline "mankhwala odzutsa mtima" kukumveka bwino, koma nkosocheretsa. Zoonadi, mtima ukaima, munthu wamkulu amabayidwa 1 mg mumtsempha. Komatu adrenaline yemweyo ndiye amapulumutsa munthu amene thupi lake ladana ndi penicillin kapena ululu wa njuchi, kukhosi kwatupa, mtima ukugundabe. Pamenepo mlingo wake ndi 0.5 mg, pamnofu wa ntchafu. Wophunzira woloweza "odzutsa mtima" angadikire kuti mtimawo uime kaye. Naloxone nayenso asatchedwe "otsitsimutsa wokomoka", pakuti amangothetsa mphamvu ya morphine, pethidine ndi mankhwala ena a gulu lomwelo. Wokomoka chifukwa chochepa shuga m'magazi, naloxone sangamudzutse.