Wansembe Akakhala Mkamwini

Lachinayi lapitali mnzathu wina anatiwerengera nkhani yake ya wansembe wa ku parishi ina kumadzulo kwa Lilongwe, amene anakondana ndi mphunzitsi wamkazi mpaka kuvula mkanjo. Tinaomba m'manja, ndipo kunena zoona Chichewa chake ndi chotakasuka. Koma ine ndinatuluka m'chipindamo mtima uli m'malere, chifukwa nkhaniyo yathera pamene inayenera kuyambira.

Mlembi watenga umbeta wa ansembe ngati nkhondo ya thupi basi. Masamba asanu athunthu wansembe akungobuula usiku, mkazi naye alibe mbale, alibe mudzi, wangokhala nyambo. Kodi mkazi wa ku Nsaru kapena ku Kabudula amagwa kuchokera kumwamba? Kwathu kumeneko mwamuna akakwatira amapita chikamwini. Amalima munda wa apongozi, ndipo ana amene wabereka amayang'aniridwa ndi atsibweni awo. Tsono taganizani munthu amene dzulo mudzi wonse umamugwadira ndi kumutcha Bambo, lero wakhala pansi pamaso pa ankhoswe, akufunsidwa chifukwa chake nkhokwe ili yopanda chimanga. Nkhani yeniyeni ili pamenepo, ndipo mlembi sanaikhudze n'komwe.

Chachiwiri, wansembe wa m'nkhaniyi akulankhula ngati lamulo la umbeta linatsika ndi Mose paphiri. Munthu wophunzira zaka zambiri ku seminale sangalankhule chotero. Akudziwa kuti Petro anali ndi apongozi, poti Uthenga wa Marko ukutchula za kudwala kwawo. Akudziwa kuti ndi msonkhano wachiwiri wa ku Lateran, mu 1139, umene unagamula kuti ukwati wa wansembe ndi wopanda mphamvu, ndi kuti Akatolika a miyambo ya Kummawa, monga a ku Ukraine ndi ku Lebanon, ali ndi ansembe okwatira pansi pa Papa yemweyo. Kudziwa zimenezi ndiko kukanamuwawitsa mtima koposa: kuti chimene chikumumanga ndi lamulo limene Mpingo ungathe kulimasula, koma Papa Paulo VI analimangitsanso mu 1967, ndipo Papa Francis, atapemphedwa ndi maepiskopi a ku Amazon mu 2019 kuti amuna okwatira adzozedwe kumadera osowa ansembe, sanavomere.

Pokambirana ena anati mlembi amaganiza za Emmanuel Milingo. Mwina. Milingo anabadwa mu 1930 kufupi ndi Chipata, anaphunzira ku Kachebere, ku Mchinji konkuno, ndipo anali Arkiepiskopi wa Lusaka kuyambira 1969 mpaka 1983. Mu Meyi 2001 anakwatira Maria Sung wa ku Korea pa mwambo wa Sun Myung Moon ku New York. Mu 2006 anadzoza amuna anayi okwatira kukhala maepiskopi ku Washington, nachotsedwa mu Mpingo. Koma Milingo ndi Mngoni, ndipo ukwati wakewo unachitikira kutali, pamaso pa atolankhani, popanda nkhoswe. Sungatiphunzitse zambiri za wansembe wa kumudzi.

Amene ndikanakonda kumuona m'nkhaniyi ndi katekisiti. Ku nthambi ya tchalitchi kumene ndinakulira, wansembe amabwera pa njinga yamoto mwina kamodzi pamwezi, nthawi ya dzinja osaoneka konse. Woika maliro, wophunzitsa akatekumeni, woyanjanitsa mabanja, anali bambo wina wa ana asanu ndi mmodzi, mkamwini ngati anzake, wolima fodya. Miphakati imene Episkopi Patrick Kalilombe analimbikitsa mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970 yatsamira pa anthu otere. Koma sakanatha kuchita Misa. Agogo anga anamwalira osalandira masakramenti, katekisitiyo atakhala pambali pa mphasa ndi kolona m'manja.

Sindikunena kuti mlembi atenge mbali. Ndikudziwa ansembe amene umbeta wawapatsa ufulu wosamukira kulikonse popanda kupempha chitengwa kwa munthu, ndipo akhristu amene amalephera kudyetsa wansembe mmodzi angafunse kuti banja lake lidzadya chiyani. Pempho langa ndi lakuti nkhaniyi ibwererenso ku taipilaita. Achotse masamba atatu a kubuula aja, ampatse mkaziyo atsibweni ake, ndipo katekisiti alowe pakhomo tsiku limene wansembe akulongedza katundu.