Dontho la Mafuta ndi Mawu Akuti "Kompyuta Yaonetsa"

Dontho la mafuta likagwera pagalasi limayala pang'onopang'ono mpaka kupyapyala. Akatswiri a sayansi amawerengera kayendedwe kameneka pakompyuta chifukwa ntchito zambiri zimadalira kukadziwa bwino, monga kupaka penti, kukuta tizipangizo ta m'kompyuta ndi mankhwala, komanso kumvetsa misozi imene imanyowetsa diso. Zithunzi zotuluka m'mawerengedwewa ndi zokopa, ndipo olemba nkhani amafulumira kunena kuti "kompyuta yaonetsa". Mawu amenewa ayenera kuunikidwa.

Maziko a ntchitoyi ndi olimba. M'chaka cha 1886, Osborne Reynolds wa ku Manchester, pofufuza mafuta ofewetsa makina, anasonyeza kuti masamu amafupika kwambiri ngati zamadzimadzi zili zopyapyala poyerekeza ndi malo amene zayalapo. Mawerengedwe ambiri a lero amatsatira njira yomweyo, ndipo pakati pa dontho amalondola bwino.

Vuto lili m'mphepete mwa dontho, pamene mafuta, mpweya ndi galasi zimakumana. Lamulo lakale limati zamadzimadzi zokhudza chinthu cholimba zimamatirira pomwepo, sizitsetsereka. M'chaka cha 1971, Chun Huh ndi L. E. Scriven anasonyeza kuti lamuloli likatsatidwa mpaka m'mphepete, pangafunike mphamvu yopanda malire kuti dontho lisunthe. Komatu madontho amasuntha tsiku ndi tsiku.

Pofuna kutuluka mumsamphawu, wowerengera amasankha imodzi mwa njira ziwiri zodziwika. Mwina amalola kuti mafuta atsetsereke pang'ono m'mphepete, mwinanso amaika patsogolo pa dontho mafuta opyapyala kwambiri osaoneka ndi maso, onga amene William Hardy anawazindikira m'chaka cha 1919. Njira zonse ziwiri zimafuna nambala imene munthu amaipereka yekha kwa kompyuta. Kawirikawiri nambalayo imakhala yaikulu kuposa yeniyeni, chifukwa kuwerengera zinthu zazing'ono chonchi kumadya nthawi yochuluka.

Oikira kumbuyo ntchitoyi ali ndi yankho lomveka. M'chaka cha 1979, L. H. Tanner anayeza madontho ang'onoang'ono a mafuta a silikoni, ndipo lamulo lotchedwa ndi dzina lake limati kuti dontho likule kawiri m'lifupi, nthawi iyenera kuchuluka ka 1,024. Makompyuta amapeza lamulo lomweli, ndipo kusintha nambala ija kumasintha liwiro pang'ono chabe. Izi ndi zoona, koma mpeni umenewu ndi wakuthwa konsekonse. Ngati njira ziwiri zosiyana zikupereka yankho limodzi, kugwirizana kwake ndi zimene Tanner anayeza sikungatsimikize kuti ndi njira iti imene ikuchitikadi m'mphepete mwa dontho.

Choncho mneni "kuonetsa" akulonjeza zambiri kuposa zimene ntchitoyi imachita. Kuonetsa kumafuna kuti chinthu chikhalepo ndipo maso achione, pamene kompyuta imangotsatira malamulo amene yapatsidwa, olimba ndi ongoganizira omwe. Mneni woyenera ndi "kuyerekeza". Mlembi ndi mkonzi alembe kuti "kompyuta yayerekeza", ndipo atchule chimene wowerengera anaika yekha m'mphepete mwa dontho. Mphunzitsi akatero, ophunzira adzazolowera kufunsa kuti m'chithunzi chimene apatsidwa, mbali yoyezedwa ndi iti, nanga yosankhidwa ndi munthu ndi iti.